Kwa Ana a ku Makululu Amene Mukukonza Magazini ya Nyimbo

Ana anga, inu amene aphunzitsi akupatsani ntchito yokonza magazini ya nyimbo, senderani kuno tikambirane. Ntchitoyo ndikuidziwa: chikuto, tsamba la zam'katimu, ndi nkhani imodzi yaikulu yoyala pa masamba awiri oyang'anizana. Ambiri mwa inu mukangoimva mumathamangira pa foni, n'kutsitsa chikuto cha Rolling Stone kapena Vibe, n'kuyamba kukopera mzere ndi mzere. Ena mpaka mumaika barcode pakona ndi mtengo wa madola. Kodi pa msika wa ku Makululu ndani ali ndi makina owerengera timizere timeneto? Kuonera kwa ena si mlandu, pajatu mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma yambani mwafunsa chimene eni akewo anaikira chinthu chilichonse pamene anachiika. Safunsa anadya phula.

Dzina la magazini limakhala pamwamba chifukwa m'masitolo akuluakulu magazini amasanjikizana pa shelefu, ndipo wogula amangoona kumtunda ndi mbali ya kumanzere. N'chifukwa chakenso mitu ya nkhani imakonda kuunjikana kumanzereko. Woimba amayang'anitsitsa kamera kuti maso ake akumane ndi a munthu wodutsa, munthuyo aime. Zonsezi anazikonzera wogula wawo. Nanga wanu ali kuti? Magazini yanu idzayalidwa pansi m'mbali mwa msewu, idzapatsiranidwa pamanja mu minibasi, kapena idzayenda pa WhatsApp, pomwe chikuto chonse chimachepa ngati bokosi la machesi. Pamenepo mitu isanu ndi itatu siingawerengeke. Dzina looneka bwino, nkhope imodzi, mutu waukulu umodzi ndi ing'onoing'ono iwiri, zakwana.

Pa nkhope ya pachikutoyo ndipo pali mtima wanga. Alendo akabwera ndi makamera kuno ku Kabwe amafunafuna mulu wakuda wa zinyalala za mgodi umene unatsekedwa mu 1994, fumbi la mtovu, ndi ana oyenda opanda nsapato m'matope a m'komboni. Vuto la mtovu ndi lenileni, lapweteka ana athu ambiri, ndipo sindikuti libisidwe. Koma dziko lazolowera kutiona ndi diso limodzi lokhalo. Pa chikuto chanu wosankha ndinu. Ikanipo mayi amene amatsogolera kwaya Lamlungu, kapena mnyamata amene amajambula nyimbo m'kachipinda kamodzi atapachika mabulangete kukhoma kuti phokoso lakunja lisalowe, kapena agogo oimba ng'oma pa chilanga mulilo. Musam'bwerekere galimoto ndi tcheni cha m'khosi kuti afanane ndi woimba wa ku Atlanta. Musapitenso naye kukakwera mulu wa kumgodi pofuna chithunzi choopsa, fumbi lija mukapuma nonse. M'jambuleni pamene amaimbira, kuwala kwa dzuwa la m'mawa kapena la madzulo kuli pankhope pake.

Amene anachita zimenezi inu musanabadwe alipo. Magazini ya Drum inayamba ku South Africa mu 1951, ndipo inakondedwa itasiya kulemba zimene azungu ankaganiza kuti anthu akuda amafuna, n'kuyamba kuonetsa moyo wa m'makomboni a ku Johannesburg monga Sophiatown. Jürgen Schadeberg anajambula oimba ngati Miriam Makeba ndi Dolly Rathebe, ndipo zithunzizo mpaka lero zikusindikizidwa m'mabuku. Amene ankalemba za nyimbo m'magaziniyo, Todd Matshikiza, anasamukira kuno ku Zambia mu 1964, nagwira ntchito pa wailesi, namwalira ku Lusaka mu 1968. Ngati mukufuna poonera, yambani pamenepo.

Tsono tilowe m'kati. Inu a ku Kabwe mkuyu mumaudziwa, uli pakati pa tauni pomwe, ndipo mwambi wake munaumva: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ophunzira ambiri amathera mphamvu zonse pachikuto, masamba am'kati n'kuwalemba usiku womaliza. Kompyuta ili ndi mitundu ya zilembo mazanamazana, ndipo mwana akaiona amafuna kulawa yonse, mutu uwu zilembo zopindikapindika, uwo zooneka ngati zikudontha magazi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mitundu iwiri ikukwanirani, umodzi wa mitu, wina wa nkhani. Mudzamva za David Carson, amene mu 1994 anasindikiza nkhani yocheza ndi woimba Bryan Ferry m'magazini ya Ray Gun ndi tizizindikiro tosawerengeka totchedwa Zapf Dingbats, ati chifukwa nkhaniyo sinam'sangalatse. Anatchuka nazo, inde. Koma kwa ine kumeneko n'kunyoza wolemba, woimba ndi wowerenga yemwe, ndipo inu mulibe owerenga oti muzitaya.

Kumbukirani kumene mukasindikize. Ambiri mwa inu mudzapita kwa wa fotokope, ndipo makina ake sadziwa zofiira kapena zobiriwira. Mawu ofiira olembedwa pa zobiriwira amatuluka otuwa pa zotuwa. Zilembo zoyera zing'onozing'ono pa tsamba lakuda zimadya inki ndipo zimatsekeka. Chithunzi chimene chayenda pa WhatsApp chimafika chitafinyidwa, pa foni chimaoneka bwino koma papepala chimatuluka cha mbuu. Tengani chenicheni kwa amene anajambula. Pepala la A4 mukalipinda pakati limakupatsani masamba anayi, choncho magazini yanu ikhale ya masamba 8, 12 kapena 16, osati 10. Pa masamba awiri oyang'anizana aja, pakati mpamene papindidwe ndi kumenyedwa sitepula, ndiye musaikepo mphuno ya woimba kapena mawu. Nkhani muigawe m'zigawo ziwiri zotsika, diso lisatope ndi mzere wautali, ndipo malo opanda kanthu m'mbali musawaope. Musanasindikize zonse, tulutsani tsamba limodzi, mukawapatse agogo anu madzulo magetsi atazima. Akalephera kuwerenga pa kandulo, kulitsani zilembo.

Mawu aja amene mumawakuza pakati pa nkhani kuti akope wowerenga akhale amene woimbayo ananenadi. Ngati anayankhula Chibemba, Chilenje kapena Chinyanja, asiyeni m'chilankhulo chomwecho, Chingerezi chibwere pansi ngati aphunzitsi akuchifuna. Musam'konzere mawu kuti amveke wophunzira.

Chimene ambiri mumachiona chaching'ono ndi timawu ta pansi pa chithunzi, ndipo ine ndimati mpamene pagona ntchito yonse. Lembani mayina a onse, kuyambira kumanzere kupita kumanja, woimba ng'oma ndi wa gitala ya besi yemwe, osati wogwira maikolofoni yekha. Lembani malo, mwezi ndi chaka, ndi dzina la wojambula. M'zaka za m'ma 1970 dziko lino linali ndi oimba monga WITCH ya Jagari Chanda ku Kitwe, Amanaz amene anatulutsa chimbale chawo cha Africa mu 1975, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, ndi Paul Ngozi amene anatisiya mu 1989. Zimbale zinkadindidwa ku Teal Record Company ku Ndola. Chuma chitavuta ndipo matenda atatenga oimba ambiri, nyimbozo zinatsala pang'ono kuiwalika. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazisonkhanitsa, n'kutulutsa Welcome to Zamrock mu 2017, ndipo mbiri yake inachokera kwa otsala ochepa monga Jagari ndi Rikki, ndi pa zimene zinalembedwa pa zikuto za zimbale zakale. Amene dzina lake silinalembedwe paliponse, ndani adzam'kumbukire?

Nkhani ina ndi ya pakhomo pathu penipeni. Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors anagoletsa zigoli 107 mu 1972, ndipo nambalayi ili pa dzina la bwalo la mpira la tauni ino. Mu 2012, Lionel Messi atagoletsa 91 dziko n'kumati palibe anachitapo zotere, a Zambia anadandaula, koma FIFA inayankha kuti sisunga kaundula wa mipikisano ya m'mayiko. Anthu anachita kukafukula manyuzipepala akale kuti awerenge zigolizo chimodzichimodzi. Mtolankhani amene analemba tsiku ndi dzina molondola mu 1972 sankadziwa kuti akusungira umboni zaka 40 kutsogolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwake ndi kumeneku, kufunsa munthu kawiri mmene dzina lake limalembedwera.

Choncho pachikuto pasasowe nambala ya magaziniyo, mwezi ndi chaka, ndipo m'kati mulembe amene anakonza ndi kumene inasindikizidwa. Tsiku limene mudzayambe kuigulitsa, dziwani kuti lamulo la dziko lino limafuna kuti zosindikizidwa zitumizidwe ku National Archives of Zambia ku Lusaka. Ngakhale ya m'kalasiyo, siyani imodzi ku laibulale ya sukulu.

Mutu umodzi susenza denga. Gawanani ntchito: wina alembe, wina ajambule, wina ayale masamba, ndipo wina amene sanalembeko kanthu awerenge zonse ndi pensulo m'manja, chifukwa wolemba saona zolakwa zake. Akamaliza, mmodzi wa inu atenge masambawo apite nawo kwa woimbayo kunyumba kwake, akaone yekha dzina lake, mayina a anzake ndi mawu amene mwati ananena, musanapite kwa wa fotokope.