Nyumba 200 Zimene Zinagwedeza Mzinda wa Yonkers

Ulendo uno tiyeni tipite kutali ndithu, ku America, mumzinda wa Yonkers. Mzindawu uli m'mphepete mwa mtsinje wa Hudson, chakumpoto kwa New York City, ndipo m'zaka za m'ma 1980 munkakhala anthu pafupifupi 200,000. Kumeneko kunabuka mkangano wa nyumba 200 zokha, koma unatsala pang'ono kukhuthula thumba lonse la khonsolo ya mzindawo.

Kuyambira cha m'ma 1949, boma la America linkapereka ndalama zomangira nyumba za lendi yotsika kuti muzikhala anthu opeza movutikira, koma khonsolo ndiyo inkasankha malo omangapo. Akangoloza malo chakum'mawa kwa mzinda, kumene kunkakhala azungu a nyumba zawozawo, kumene kwathu kuno tikanati kumayadi, eni derawo ankadzaza holo ya khonsolo ndi kukana kwamtuwagalu, ndipo makhansala poopa kuluza mavoti ankabwerera m'mbuyo. Mapeto ake nyumba 97 mwa nyumba 100 zilizonse za mtunduwu zinaunjikana kadera kamodzi ka kumwera chakumadzulo, kumene kunkakhala anthu akuda ndi ena olankhula Chisipanishi. Zambiri zinali nyumba zazitali zosanjikizana, monga za ku Schlobohm.

Mu 1980 unduna wa zachilungamo wa dzikolo unakasumira mzindawo, ndipo bungwe la NAACP lomenyera ufulu wa anthu akuda linalowa nawo mlanduwo. Mu November 1985 woweruza milandu Leonard Sand anagamula kuti Yonkers inachita kusankha anthu mwadala, pa nyumba ndi pa sukulu pomwe, poti mwana amapita kusukulu ya dera limene akukhala. Chaka chotsatira analamula kuti nyumba 200 zimangidwe kum'mawa kwa msewu waukulu wa Saw Mill River Parkway, umene unali ngati malire a mitundu, ndipo zina zotsika mtengo zidzatsatire.

Tsono anthu a kum'mawa aja ankati chiyani? Ankati: ife tavutika zaka zambiri kubweza ngongole ya nyumba zathuzi, nyumba ndiyo chuma chathu chokha, mukatibweretsera anthu amenewa mitengo ya nyumba igwa, kubwera mbava ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Ambiri mwa iwo sanali mpondamatiki ayi. Anali anthu apantchito wamba, ena anachita kusamuka ku Bronx pothawa zomwezo. Ine sindinganene kuti mantha awo onse anali abodza, chifukwa m'nyumba zosanjikizana zija umbanda unalimodi. Koma funso limene sankafuna kulimva ndi lakuti: anaunjika amphawi malo amodzi ndani? Mukathira usipa wonse mumtanga umodzi osauyanika, ukaola mlandu si wa usipa. Kukana kwawo kwa zaka 40 ndiko kunabala chinthu chimene tsopano ankachiloza chala.

Mu 1987 mnyamata wa zaka 28, Nick Wasicsko, anasankhidwa kukhala mfumu ya mzinda atalonjeza kuti alimbana ndi chigamulocho pochita apilo. Atangolowa mu ofesi anaona kuti njira ya apilo yatsekeka, ndipo anayamba kuuza anthu kuti lamulo la bwalo liyenera kutsatidwa. Anthu omwe anamuvotera aja ndi amene anayamba kumukuwiza m'misonkhano.

Pa 1 August 1988 makhansala 4 mwa 7 anakana kuvomereza lamulo lothandiza kuti ntchitoyo iyende. Woweruza uja analamula chindapusa chodabwitsa: madola 100 tsiku loyamba, mawa lake 200, mkuja 400, kumangowirikiza tsiku ndi tsiku. Ena anaseka poona kuchepa kwa ndalamayo. Makolo, apatseni ana samu imeneyi madzulo ano akaweruka, muone nkhope zawo: tsiku la 14 chindapusacho chimakhala madola 819,200. Pofika mu September khonsolo inali itayamba kukonza zochotsa ntchito anthu mazanamazana ndi kutseka malo owerengera mabuku. Apo ndiye makhansala awiri anasintha maganizo, lamulo lija n'kudutsa ndi mavoti 5 kwa 2. Wasicsko analuza chisankho cha 1989 kwa Henry Spallone, mmodzi wa okana aja, ndipo anamwalira mu 1993 ali ndi zaka 34.

Mbali imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya kamangidwe. Bwalo linatenga katswiri wojambula mapulani a nyumba, Oscar Newman, amene analemba buku lotchedwa Defensible Space mu 1972. Maganizo ake anali akuti malo opanda mwini ndiwo amasanduka phanga la zigawenga. M'nyumba yosanjikizana ya mabanja 100, khomo lalikulu ndi la aliyense, makwerero ndi a aliyense, ndiye palibe amene amasesa kapena kufunsa mlendo kuti mukufuna ndani. Choncho iye anakakamira kuti nyumba 200 zija zisamangidwe pamodzi koma zimwazidwe m'malo 7, zikhale zazifupi za njerwa zofanana ndi za oyandikana nazo, banja lililonse likhale ndi khomo lakelake loyang'ana kumsewu, kabwalo kake kumaso, ndi kadimba kotchinga kuseri. Ngakhale zinyalala anati banja lililonse likhale ndi potayira pake. Mayi aliyense amene amasesa pakhomo pake m'mamawa sangavutike kumvetsa nzeru imeneyi.

Mabanja oyamba analowa mu 1992, atawasankha mwa maere. Ambiri anali amayi olera okha ana, ndipo mantha anali mbali zonse ziwiri, poti nawonso ankadziwa kuti akupita pakati pa anthu amene anawakana poyera pa wailesi yakanema. Kumadrasa timaphunzitsa ana kuti woyandikana naye nyumba ali ndi gawo lake pa iwe, kaya ndi wachibale kaya ndi mlendo, koma apa anthu anayamba kudana asanaonane n'komwe.

Nanga mitengo ya nyumba inagwa? Kafukufuku wa Xavier de Souza Briggs ndi anzake, amene anasindikizidwa mu 1999, sanapeze kuti nyumba zoyandikana ndi malo 7 aja zinatsika mtengo chifukwa cha alendowo. Chaka chomwecho mtolankhani Lisa Belkin anatulutsa buku la nkhaniyi lotchedwa Show Me a Hero, limene linasanduka sewero la pa kanema mu 2015. Koma nyumba zina zotsika mtengo zija zinayenda mwaukamba, ndipo mlandu wa nyumbawu unadzatsekedwa mu 2007, patapita zaka 27, ana amene anabadwa chaka chosumira chija ali ndi ana awoawo.