Wogula Nyumba kwa Khombedza Ayambe Wafunsa za Malo

Kuyambira chaka cha 1975 pamene likulu la dziko lino lidachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, boma la Salima lakhala khomo la anthu a mu mzindawo lopitira ku nyanja. Msewu wa M5 wolowera ku Nkhotakota umadutsa m'dera la Mfumu Yaikulu Khombedza, ndipo fakitale ya shuga ya ku Chikwawa, m'boma lomweli, yaonjezera anthu ofuna pokhala. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'Boma amene akuyandikira kupuma ali pakati pa ofuna kugula nyumba kumeneko, ndipo iwowa ndiwo tikulankhula nawo lero.

Nyumba zogulitsidwa m'derali tingazigawe patatu. Yotsika mtengo ndi ya zidina yofolera udzu. Yotsatira ndi ya njerwa zootcha yofolera malata. Yokwera koposa ndi ya simenti pansi, ya magetsi ndi madzi, makamaka ikakhala m'mbali mwa msewu. Kusiyana kumeneku kudakula mu November 2023 pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, pakuti malata, simenti ndi misomali zidakwera mtengo koposa udzu ndi dothi.

Koma ife tikuti wogula amene aŵerenga malata okha walakwitsa masamu. Mtengo weniweni wa nyumba uli m'malo amene yamangidwapo. Malo ambiri kwa Khombedza ndi a makolo, osungidwa ndi mafumu m'malo mwa anthu awo. Pa mwambo wa Chicheŵa malo otere amatsata mbumba, ndipo mkamwini, ngakhale adaumba njerwa ndi manja ake, sangagulitse dothi la kuchikazi. Nyumba yokongola yogulidwa kwa munthu mmodzi, mwini mbumba osadziŵa, ingathe kulandidwa, ndipo ndalama zimene mphunzitsi walandira atagwira ntchito zaka 30 zingathere m'mabwalo a milandu.

Nchifukwa chake nyumba ya malata wamba yokhala ndi zikalata zokwanira iyenera kuposa mtengo nyumba yaikulu yopanda chikalata. Lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 lidatsegula njira yoti banja lilembetse malo ake kudzera m'makomiti a malo a m'midzi. Tsono wogula afunse zinthu zitatu asanatulutse ndi tambala yomwe: malowo ndi a yani, mbumba yonse yavomera kodi, ndipo nyakwaŵa ndi ofesi ya Bwanamkubwa akudziŵa chiyani za malirewo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Chinanso ndi madzi. M'chaka cha 2024 Nyanja ya Malaŵi idasefukira ndi kuloŵa m'nyumba zambiri za m'mphepete mwake. Nyumba yoyandikira nyanja kapena yomangidwa m'dambo imakopa maso m'chilimwe, koma woifuna akaionenso m'mwezi wa February, mvula ili mkati.

Tikupempha akuluakulu a khonsolo ya Salima kuti athandize mafumu kufulumizitsa ntchito yolembetsa malo, pakuti mitengo yachilungamo siingakhalepo pamene umwini uli wokayikitsa. Aphunzitsi nawonso, amene anthu a m'midzi amawakhulupirira poŵerenga makalata, afotokozere makolo kuopsa kogulitsa malo a mbumba mobisa. Wogula ndi wogulitsa onse adzagona tulo ngati malonda achitikira poyera, pamaso pa mfumu ndi mboni.