Zikomo Adokotala, Munabwezera Nsinjiro M'mbale ya Mwana Wanga

Okondedwa Adokotala,

Dzina lanu sinditchula, pakuti sindinakupempheni chilolezo, koma mukawerenga mudzadzizindikira, ndipo mudzakumbukira mayi uja wa ku Salima amene analowa m'chipinda chanu ku Lilongwe atagwira pepala lopindapinda, misozi ili chilengelenge. Ndasankha kukuthokozani poyera chifukwa ndikudziwa kuti pepala ngati lija lili m'manja mwa makolo enanso, ndipo si onse amene adzapeze munthu wowakhazika pansi monga munandichitira ine.

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 5 pamene anadya dzira lokazinga kwa aneba. Pakhomo pathu sankadya mazira, chifukwa apongozi anga amagwirabe mawu akale akuti mazira si a ana. Pasanathe mphindi 20 milomo inatupa, zidzolo zinabuka thupi lonse, ndipo anasanza kawiri. Kuchipatala anamuthandiza msanga, moti pofika madzulo anali akusewera. Koma ine mtima sunakhale pansi, makamaka poti mwanayu anali kale ndi vuto la khungu, lija loyabwa kuseri kwa mawondo ndi m'kati mwa zigongono.

Pa chipatala china cholipira anatiuza kuti pali njira yoyeza magazi yodziwira zonse zimene thupi la mwana silifuna. Tinagulitsa mbuzi ziwiri. Magazi anatumizidwa ku South Africa, ndipo patapita masabata atatu pepala linabwera. Amene anatipatsa pepalalo anatenga cholembera, nkuchonga mzere uliwonse umene nambala yake inapitirira 0.35, nkunena kuti, "Zonsezi asadye." Munali mazira, mtedza, soya ndi tirigu.

Adokotala, inu mukudziwa chimene chimatsala m'mbale ya mwana wa kuno mukachotsa zinayi. Nkhwani wotendera anasiya, chiponde anasiya, buledi ndi mandasi anasiya. Phala la kusukulu, lija la chimanga ndi soya, ndinakapempha aphunzitsi kuti asamupatse, ndipo anzake akamamwa iye ankakhala pambali ndi mbatata yake. Ife ndife alimi a mtedza. Nthawi yosenda ndinkamuthamangitsa pamkeka ngati ndikuthamangitsa nkhuku. Miyezi inayi inatha chomwecho, sikelo ikubwerera m'mbuyo, khungu lija likuyabwabe monga kale.

Chimene sindidzaiwala n'chakuti nditabwera kwa inu, pepala lija munaliika pambali osaliwerenga kaye. Munafunsa kuti, "Mayi, magazi asanatengedwe, mwanayu nsinjiro ankadya?" Ndinati ankadya kuyambira ali ndi miyezi 7, m'phala. Munafunsanso chimene chinkachitika akadya. Ndinaganiza, ndinafufuza m'mutu, ndipo sindinapeze kanthu. Buledi? Palibe. Phala la soya? Palibenso. Apo munati mwana amene wadya chinthu zaka zinayi osatupa, osatuluka zidzolo, osabanika, wapereka kale umboni woposa nambala iliyonse, ndipo kuyeza magazi kumayenera kutsatira nkhani ya wodwala, osati kuitsogolera. Kuyeza zakudya zambirimbiri zimene munthu amadya bwinobwino, munati, ndiko kumabala mavuto ngati athuwa.

Kenako munatembenuza pepala lomwelo nkuyamba kujambula kuseri kwake. Pepalalo ndili nalobe. Munati m'magazi muli mitundu isanu ya asilikali oteteza thupi amene inu mumawatcha ma antibody, ndipo mwa onsewo wochepetsetsa ndi IgE. Iyeyu amakamatirira pa tizigawo tina ta m'thupi totchedwa mast cell, timene tili pakhungu, m'mphuno, m'mapapo ndi m'matumbo. Chakudya chimene IgE waloweza chikafika, tizigawoti timakhuthula mankhwala ngati histamine, ndipo ndiwo amatupitsa milomo, kuyabwitsa khungu ndi kupanikiza chifuwa. Makina a ku labotale saona zonsezi. Iwo amangotenga madzi a m'magazi, nkuwagwirizanitsa ndi kachidutswa ka mtedza kapena ka dzira, nkuwerenga kuchuluka kwa IgE amene wamatirira. Ndiye nambala ija imangonena kuti thupi lachizindikira chinthucho. Kaya likulimbana nacho kapena ayi ndi funso lina. Munapereka chitsanzo cha galu wapakhomo, amene amawadziwa anthu ambiri odutsa pamsewu koma si onse amene amawaluma.

Manambala aja munandiwerengera limodzilimodzi, popanda kundifulumiza ngakhale panja panali mzere. Munati muyeso wake ndi kUA/L, ndipo malabotale ambiri amaugawa m'magulu kuyambira 0 mpaka 6. Pansi pa 0.35 ndi gulu 0, kuyambira 3.5 kufika pafupi ndi 17.5 ndi gulu 3, ndipo 100 kupita m'mwamba ndi gulu 6. Mtedza wa mwana wanga unali pa 4.2, m'gulu 3, ndipo ine ndinkaganiza kuti zimenezi zikutanthauza kuti ali pakati pa ulendo wopita ku imfa. Munandiwongolera. Nambala ikakwera, mwayi woti munthu adwale akadya chinthucho umakula, koma nambala siiuza kuti adzadwala kwambiri kapena pang'ono. Wina wa nambala yotsika akhoza kubanika koopsa, wina wa nambala yokwera nkungotuluka zidzolo zochepa, winanso osamva kanthu. Ndipo nambala imodzimodziyo siitanthauza zofanana pa dzira, pa tirigu ndi pa mtedza.

Ndiyeno chala chanu chinaima pa mzere umene palibe amene anauyang'ana, wa IgE yense wa m'thupi, umene unali pa 1,900. Munati vuto la khungu lija limakweza nambalayi, koma munafunsanso funso limene linandidabwitsa: "Kodi amasamba kunyanja?" Mwana wa ku Salima angalephere bwanji? Munalamula kuti ayezedwe mkodzo, ndipo munapezeka mazira a likodzo, ngakhale kuti ife tinali tisanaonepo magazi.

Apa ndi pamene ndinaona kuti ndinu dokotala wodziwa dziko limene mukugwiramo ntchito. Munafotokoza kuti ntchito yeniyeni ya IgE ndi kulimbana ndi njoka za m'mimba ndi tizilombo ngati ta likodzo, kotero mwana wa m'mbali mwa nyanja akhoza kukhala ndi IgE wochuluka popanda vuto lililonse la zakudya. Pamwamba pa apo, tizilombo ta likodzo tili ndi timashuga tina pathupi pake tofanana ndi timene tili m'zomera. IgE amene thupi lapangira tizilomboto akakumana ndi mtedza, soya kapena tirigu mu labotale, amamatirira, makina nkuwerenga nambala, chonsecho mwanayo akadya sizimuchita kanthu. Munanditchulira kafukufuku wa ana a sukulu a ku Ghana, wofalitsidwa mu 2013, amene anapeza zomwezi: ana ambiri anali ndi IgE wa mtedza m'magazi koma akudya mtedza mosavutika, ndipo zimenezi zinkayendera limodzi ndi likodzo. Ndinaganizira ana a ku Nkhotakota, ku Mangochi, ku Nyanja ya Chilwa ndi m'minda ya mpunga. Atayezedwa onse lero, ndi angati angamanidwe nsinjiro pachabe? Mwana wanga anamwa mankhwala a likodzo a praziquantel sabata yomweyo.

Komabe simunandiuze kuti ndipite ndikamupatse mtedza kunyumba, ndipo pa ichi ndikuthokozaninso. Munati popeza wakhala miyezi osadya, tiyende mosamala, chifukwa kumana mwana chakudya kwa nthawi yaitali nthawi zina kumadzutsa vuto limene kunalibe. Munatchula kafukufuku wa ku London wa 2015, amene anasonyeza kuti makanda oyamba kudya mtedza msanga amapezeka ndi vutoli ochepa kwambiri poyerekeza ndi omanidwa. Munapempha kuyeza kumodzi kokha, kwa kachigawo ka mtedza kotchedwa Ara h 2, kamene kamagwirizana kwambiri ndi kudwala kwenikweni. Kanabwera pansi pa 0.35. Munayezanso pamkono, kudontheza timadzi nkubaya pang'ono, mutatiuziratu kuti asiye Piriton masiku angapo chifukwa mankhwalawa amabisa zotsatira za pakhungu, pamene za m'magazi sazisokoneza. Pa mtedza sipanatupe. Pa dzira panatupa ngati walumidwa ndi udzudzu waukulu.

Tsiku lomudyetsa chiponde m'chipatala ndinafika ndisanagone. Anamwino anu, amenenso ndikupempha muwapatsire moni wanga, anayamba ndi kadontho ka pansonga ya supuni, nkumaonjezera pakapita mphindi 20 zilizonse, jakisoni wa adrenaline ali pathebulo. Atamaliza tinadikira maola awiri. Mwana anangofunsa ngati pali chiponde china. Ine ndinatuluka panja kukalira.

Za dzira munalankhula mosapsatira. Apo nkhani ya mwana, nambala ya dzira ya m'magazi imene inali pa 11 ndi kutupa kwa pamkono zonse zinaloza kumodzi. Ndinakufunsani chifukwa chake keke ya mazira imene anadya pa Khirisimasi sinamuchite kanthu, ndipo munati kutentha kwa mu uvuni kumasintha zina za m'dzira, moti ana ambiri a vutoli amadya zophikidwa motero koma osati dzira lokazinga kapena lowiritsa. Munandilembera m'buku lake lachipatala zizindikiro zoopsa: kubanika, mawu kusasa, lilime kutupa, kufooka mwadzidzidzi. Zikatero, munati, Piriton sakwanira, chofunika ndi adrenaline ndi kuthamangira kuchipatala. Munatinso tidzabwere pakatha chaka tidzayezenso, chifukwa ana ambiri vuto la dzira limawathera akamakula, ndipo nambala ikamatsika chaka ndi chaka imanena zambiri kuposa nambala ya tsiku limodzi. Aphunzitsi ake ndi aneba onse ndinawawerengera tsambalo.

Chenjezo lanu lina landithandiza kale kuthandiza mnzanga wa kutchalitchi. Munati pali kuyeza kwina kumene kumatsatsidwa, kwa IgG wa zakudya, kumene kumabwera ndi mndandanda wautali wa zoletsedwa. IgG wotere amangosonyeza kuti munthu wakhala akudya chakudyacho, ndipo si umboni wa matenda. Mnzangayo anali atatsala pang'ono kutumiza ndalama kwa mlongo wake ku Johannesburg kuti amukonzere zimenezi.

Nditabwerera kunyumba ndinawerenga za IgE, ndipo ndinapeza kuti anthu amudziwa posachedwapa. Kimishige Ishizaka ndi mkazi wake Teruko anamuzindikira ku Denver mu 1966, S.G.O. Johansson ndi Hans Bennich anamupeza paokha ku Uppsala, m'dziko la Sweden, ndipo dzina lakuti IgE linavomerezedwa ndi bungwe la WHO mu 1968. Amayi anga anabadwa izi zisanachitike. N'chifukwa chake amene anachonga pepala lija sindimusungira chakukhosi. Ndikuganiza kuti anachita zimene ankadziwa. Koma ndikunenetsa kuti si bwino kugulitsa kuyeza kumene palibe woti akumasulire, makamaka m'dziko limene mtedza ndi soya ndiwo ndiwo za ana ambiri, ndipo ngakhale chiponde chochiritsira ana onyentchera chimapangidwa ndi mtedza womwewo. Pempho langa kwa inu, Adokotala, n'lakuti zimene munandijambulira kuseri kwa pepala mukaziphunzitsenso madokotala ndi anamwino a m'zipatala za m'maboma. Kwa makolo anzanga amene muli ndi pepala lotere, musamuchotsere mwana chakudya chimene wakhala akudya bwino musanaonane ndi dokotala wofunsa mafunso, ndiponso musamuyese nokha kunyumba ndi chakudya chimene chinamutupitsapo.

Mwana uja tsopano ali ndi zaka 6. Sikelo yabwerera m'malo mwake, phala la kusukulu akumwa ndi anzake, ndipo chaka chino wasenda nafe mtedza pamkeka. Takolola mtedza wabwino wa mtundu wa CG7. Tikamabwera kudzayezetsa za dzira mwezi wa Ogasiti tidzanyamula ndowa imodzi, ya inu ndi anamwino aja, ndipo chonde musadzaikane.



Ine wanu woyamika,
Mayi wa ku Salima