Chitipa United itapatsidwa mwayi wosankha koyamba, itenge ndani?

Ku America kuli kachitidwe kena ka mpira komwe ife kuno tilibe. Mu ligi yawo ya NFL, ija ya mpira wogwira ndi manja, muli matimu 32, ndipo chaka chilichonse anyamata ochokera m'makoleji amaikidwa pa mndandanda umodzi kuti matimu azisankha mosinthana, maulendo asanu ndi awiri. Timu yomwe yathera kunsi kwa ligi ndi imene imayamba kusankha, akatswiri amasankha kumapeto. Amati draft, ndipo anayamba mu 1936. Cholinga chake n'chakuti wofooka naye adzuke, ligi isakhale ya matimu awiri kapena atatu okha.

Kuno kwathu wa ndalama ndi amene amayamba kusankha. N'chifukwa chake Bullets inatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, kenako Silver Strikers mu 2024. Komabe funso lomwe Aamerika amakangana chaka ndi chaka likutikhudza ndithu. Timu yaing'ono ngati Chitipa United, msika wa osewera ukatsegulidwa, kathumba kake kamakwana wosewera mmodzi yekha wooneka. Otsalawo amakhala obwereka kapena omwe matimu ena awataya. Wosewera mmodziyo ndiye draft yathu. Nanga akhale wotani?

Mu sitafu rumu mwathu nkhaniyi imatigawa pawiri. Anzanga ambiri amati palibe chokambirana apa: gulani womwetsa zigoli wodziwika, yemwe wasewerapo ku Bullets kapena ku Wanderers, ngakhale atakhala kuti zaka zapita. Mfundo yawo si yopepuka ayi. Mu Super League muli matimu 16, masewero 30, ndipo atatu akunsi amatuluka. Chitipa United inalowa koyamba mu 2017 n'kutuluka chaka chomwecho, ndipo inabwereranso mu 2019. Amene analawa zowawa zimenezi safuna kumva za mawa. Amati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ine ndikuti ayi. Ndalama yoyamba ipite kwa mnyamata wa zaka 17 mpaka 20, waluso kuposa onse amene tingampeze, kaya ndi goloboyi, kaya wotchinga kumbuyo, kaya wakutsogolo, ndipo asayine kontilakiti yolembedwa bwino.

Chifukwa choyamba n'chakuti wosewera wa dzina amene wavomera kuchoka ku Blantyre kubwera kuno kumalire, nthawi zambiri wabwera chifukwa kumeneko malo amuthera. Timalipira mbiri yake, koma miyendo yake anaisiya kale pa Kamuzu Stadium. Akasewera chaka chimodzi amanyamuka, timu osapezapo ngakhale tambala. Kumbukirani kuti kwa zaka zingapo timuyi inkasewerera masewero ake apakhomo ku Karonga Stadium, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa boma. Timu yomwe imawononga mafuta ngakhale pa gemu ya pakhomo singakwanitse kugula chinthu chomwe mtengo wake ukutsika tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri, mnyamata ndi mbewu. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kunja kwa dziko kontilakiti yake isanathe, 5 peresenti ya ndalamazo igawidwe kwa matimu amene anamuphunzitsa mpira kuyambira zaka 12 mpaka 23. Izi zimachitika ulendo uliwonse akagulitsidwa motero, osati kamodzi kokha. Koma kuti timu ilandire, mwanayo akhale kuti analembetsedwa m'mabuku moyenera. Apa ndi pamene matimu ang'onoang'ono amagona. Amalera mwana, akakula aakulu amabwera ndi minibasi n'kumutenga, ife kutsala tikuwomba m'manja.

Wina asanene kuti luso kuno kulibe. Gabadinho Mhango ndi mwana wa ku Rumphi, boma lomwe tayandikana nalo. Anadzera ku Bullets, anapita ku Bloemfontein Celtic mu 2013, anamwetsa zigoli 16 ku Orlando Pirates mu ligi ya 2019/20, ndipo chigoli chake chija cha patali pokumana ndi Morocco mu Januwale 2022 dziko lonse linachiona. Temwa Chawinga nayenso ndi wa ku Rumphi. Mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Ngati mapiri a Rumphi anabala otere, a ku Misuku, Wenya, Chisenga, Kameme ndi kuno ku Nthalire alekeranji?

Komatu kusankha mnyamata si kutola aliyense amene anthu akumukuwira. Aamerika omwewo anapsa nazo. Mu 1998 anthu ankakangana kuti woposa mnzake ndani pakati pa Peyton Manning ndi Ryan Leaf. Indianapolis Colts inatenga Manning poyamba, San Diego Chargers inatenga Leaf kachiwiri. Manning anakhala katswiri wa mbiri, pomwe Leaf sanakhalitse n'komwe mu ligi. Mu mpira wathu womwe uno wa miyendo, D.C. United inasankha Freddy Adu, mwana wobadwira ku Ghana, pa nambala 1 mu 2004 ali ndi zaka 14 zokha. Anamutamanda ngati Pelé watsopano, koma anathera kuyendayenda m'matimu osiyanasiyana osafika pomwe anthu ankayembekezera. Pomwe Tom Brady, amene anasankhidwa pa nambala 199 mu 2000, anadzatenga chikho cha Super Bowl kasanu ndi kawiri. Anthu a makamera ndi ndalama zawo anamudutsa ka 198.

Phunziro lake n'loti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana samuweruza ndi gemu imodzi ya bonanza. Akuluakulu a timu abwere adzamuone katatu, kanayi, pa bwalo la fumbi ndi la matope. Afunse aphunzitsi a zamasewero amene amayenda ndi ana m'mipikisano ya masukulu. Ife timadziwa mwana amene amafika msanga pa tirening'i, amene timu ikagoletsedwa amalimbikitsa anzake, ndi amene akadzudzulidwa amavula jezi n'kumapita. Zimenezi sizioneka pa vidiyo ya pa WhatsApp.

Nanga za kutuluka mu ligi? Akuluakulu odziwa ligi akufunika ndithu, awiri kapena atatu, makamaka kumbuyo. Koma amenewo apezeke mobwereka kapena pakati pa omwe makontilakiti awo atha. Akhale ndiwo zoonjezera, nsima ikhale mwana wathu. Ndipo timu ikagwa, wa dzina uja amathawa tsiku lomwelo, pomwe mnyamata wa kontilakiti amatsala, kaya kuti aibwezeretse mu ligi kaya kuti agulitsidwe pa mtengo wabwino.

Pomaliza ndilankhule ngati mphunzitsi. FIFA salola mwana wosakwana zaka 18 kusayina kontilakiti yopitirira zaka zitatu, ndipo ine ndingawonjezere mzere umodzi: timu imulipirire fizi mpaka alembe MSCE. Bondo limathyoka pa sekondi imodzi, satifiketi sithyoka. Kholo la ku Nthalire likamva zimenezi lidzapereka mwana wake ndi mtima woyera, ndipo chaka chamawa lidzakulozerani mwana wa mnansi wake.

A komiti, msika ukatsegulidwa, musanaimbe foni ku Blantyre, yambani mwathira mafuta m'galimoto mubwere kuno Loweruka masana. M'mera mpoyamba.