Mwalanda Bukulo, Koma Kodi Mwaliwerenga?

M'makomboni a Lusaka buku la nkhani sililowa m'nyumba kawirikawiri. Likafika ku Chawama kapena ku Mtendere limakhala lakale, logulidwa kwa oyala mabuku pansi m'tauni kapena lobwereka kwa mnzake wa kusukulu, masamba ena atathothoka. Tsono pachikuto pakakhala chinjoka, kapena mnyamata atagwira ndodo yamatsenga, mayi amalanda, bambo amaponya pambaula, Lamlungu nkhani n'kufika kwa abusa. Funso lathu loyamba kwa makolo otere ndi ili: musanaliweruze, kodi munawerengako ngakhale mutu umodzi?

Manthawo sitikuwanyoza. Wolemba wa ku London angathe kusewera ndi ufiti papepala, koma kuno nkhani zotere zinakhetsapo magazi. Anthu a ku George ndi ku Zingalume sanaiwale chaka cha 2016, pamene mitembo inkapezeka itachotsedwa ziwalo. Mu Epulo chaka chomwecho mphekesera zinaloza alendo, mashopu a anthu ochokera ku Rwanda anathyoledwa, ndipo ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo. Mu 2020 inabwera nkhani ya opopera gasi m'nyumba usiku, ndipo magulu olusa anapha anthu ongowaganizira. Kholo lomwe linaona zimenezi, lomwenso limadziwa kuti Deuteronomo 18 imaletsa kuombeza ndi nyanga, ndiponso kuti ku Efeso otembenuka mtima anatentha mabuku awo amatsenga, lili ndi chifukwa chokhalira tcheru.

Koma tiyeni tifunsane bwino. Chinatenthetsa anthu ku Kanyama chinali chiyani? Linali buku la nkhani yopeka? Ayi. Inali nkhani yosimbidwa ngati yoona, yoyenda pakamwa ndi pafoni, yoloza chala munthu weniweni. Nanga choopsa kwambiri n'chiti pakati pa buku lomwe limanena poyera kuti dziko lake n'longoyerekeza, ndi filimu yomwe banja lonse limaonera madzulo, momwe nkhalamba ya m'mudzi nthawi zonse imakhala mfiti yodya adzukulu? Mwana wowerenga mabuku a Narnia amadziwa kuti palibe angalowe m'kabati ya zovala n'kutulukira m'dziko lina. Mwana wokulira pa mafilimu aja ndi pa maumboni a pa WhatsApp amatuluka panja n'kuyang'ana agogo a nyumba yoyandikana ndi diso lina. Lamulo la za ufiti la mu 1914, lomwe likugwirabe ntchito mu Zambia, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. N'chifukwa chiyani tsono timatentha buku n'kusiya rimoti m'manja mwa mwana?

Ndipo tinayamba liti kuopa nkhani zomwe nyama zimalankhula? Ambiri mwa makolo a lero anakula akuyankha kuti "tili tonse" pomwe agogo ankasimba za Kalulu ndi Fisi, za zimphona ndi za mitengo yoyimba. Achikulire akukumbukira Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo pa wailesi ya dziko lino, momwe munthu mmodzi ankasintha mawu n'kudzaza nyumba ndi anthu ndi zilombo. Kodi akhristu ankatseka wailesi? Baibulo lenilenilo lili ndi nkhani ya Yotamu pa Oweruza 9, ya mitengo yomwe inafuna kudzoza mfumu. Mneneri Natani anathyola mtima wa Davide ndi nkhani yopeka ya kamwana ka nkhosa. M'buku la John Bunyan la mu 1678, The Pilgrim's Progress, lomwe amishoni analimasulira m'zilankhulo zambiri za mu Africa, muli chiphona chotsekera anthu m'ndende ndi chilombo cholimbana ndi mlendo panjira. Amenewa tiwatenthenso?

Sitikunena kuti mabuku onse a mtunduwu ndi amodzi. Amasiyana kwambiri, ndipo chikuto sichikuuzani kanthu. C.S. Lewis anatulutsa mabuku asanu ndi awiri a Narnia pakati pa 1950 ndi 1956 ali mkhristu wotetezera chikhulupiriro poyera. M'buku loyamba mkango Aslan ukudzipereka kuphedwa m'malo mwa mnyamata Edmund yemwe anapereka abale ake, kenako ukuuka. Dzina la bukulo lili ndi mawu akuti mfiti, choncho kholo longoona chikuto lingaliponye pamoto osadziwa kuti likutentha nkhani ya chiombolo. J.R.R. Tolkien, Mkatolika wobadwira ku Bloemfontein mu 1892, analemba The Lord of the Rings pa mfundo imodzi: mphete yopatsa mphamvu imaononga aliyense woivala, ngakhale wa zolinga zabwino, ndipo njira yokha ndiyo kuiwononga. Mnyamata wa ku Matero amene tsiku ndi tsiku amadutsa timapepala tomatidwa pa mapolo a magetsi, tolonjeza chuma chamsanga ndi kubweza wokondedwa wothawa, kodi sakufunika nkhani yotere?

Pali ena ofuna kusamala. Philip Pullman, m'mabuku ake atatu a His Dark Materials, akutsutsa ulamuliro wa mpingo ndipo sabisa. A Game of Thrones ya George R.R. Martin ndi ya akuluakulu, yodzaza nkhanza ndi zachiwerewere. The Old Drift ya mwana wathu Namwali Serpell, yomwe inatuluka mu 2019 n'kupambana mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020, ili ndi Kalingalinga m'kati mwake ndipo ndi yonyaditsa, koma siinalembedwere mwana wa giredi 7. Za Harry Potter akhristu akhala akutsutsana kwa zaka zambiri. Nkhaniyo imachitikira pa sukulu ya matsenga, ndipo mabuku ake amanka nada mdima mwana wa m'nkhaniyo akamakula. Komanso munthu woipa wa m'menemo ndi amene amapha ena kuti iye asafe, ndipo bukulo limamutsutsa kotheratu. Banja lokana mabukuwa lili ndi ufulu wotero. Chimene tikupempha n'chakuti likhale ndi chifukwa choti lingauze mwana wa zaka 15 n'kumveka.

Ndiye pofufuza buku, musangofunsa ngati muli matsenga. Funsani kuti mphamvuyo ikuchokera kwa yani, ndipo akulipira ndani? Kodi wopeza chuma popereka mnzake nsembe akutamandidwa kapena akugwa? Wofooka akutetezedwa kapena akupondedwa? Kodi bukulo likusimba nkhani, kapena likuphunzitsa mwana zoti akachite yekha usiku? Buku lolangiza kuitana mizimu ndi la mtundu wa aja a ku Efeso, ndipo pa limenelo sitikukangana ndi aliyense.

Pali funso lina lotivuta ife tomwe. Bwanji Gandalf wa mu The Lord of the Rings, nkhalamba yoyera ya ndevu ndi ndodo, timailandira msanga, koma mtsikana wakuda wa m'buku la Nnedi Okorafor kapena la Tomi Adeyemi timamuthawa? Pali chifukwa chomveka: Children of Blood and Bone ya Adeyemi, ya mu 2018, yatsamira pa milungu ya Ayoruba yomwe anthu amaipembedzadi lero, choncho mkhristu ayenera kuiwerenga ali maso. Koma ngati lamulo lathu losanena ndi lakuti chodabwitsa cha Mzungu ndi nthano pomwe cha munthu wakuda ndi usatana, kodi mwana wa ku Kanyama tikumuphunzitsa chiyani za khungu lake ndi za makolo ake?

Pamene tikulimbana ndi buku la pepala, foni ili pansi pa bulangeti. Pa Wattpad ndi malo ena otere mtsikana amapeza nkhani zaulere zosawerengeka za anthu osanduka mimbulu ndi zachikondi, zina zolaula zedi, zopanda mkonzi aliyense. Bando ya intanetiyo mwagula ndinu. Munamufunsapo chimene akuwerenga? Buku looneka ndi maso n'limene mungathe kukambirana naye. Mukalitentha mumangomuphunzitsa kubisa.

Tikudziwa kuti makolo ambiri amachoka m'mamawa kupita ku Soweto Market kapena ku ntchito za m'mayadi, n'kubwera kutada, ndipo ena Chingerezi cha m'mabukuwa n'chowalemera. Mutu umodzi susenza denga. Apa m'pomwe mpingo uyenera kuyankha. Frederick Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo m'makomboni mwathu matchalitchi ali ponseponse, ena m'makalasi a sukulu. Ndi angati ali ndi shelefu ya mabuku a nkhani ya achinyamata? Bungwe la Lubuto linatsegula laibulale ya ana ku Fountain of Hope ku Kamwala mu 2007, kenako ina ku Garden. Mipingo yomwe imakwanitsa kugula zokuzira mawu ingalephere mabuku makumi awiri? Mumpingo uliwonse muli mphunzitsi kapena wophunzira wa ku UNZA amene angawerenge buku poyamba, n'kuuza makolo za m'katimo, n'kukhala pansi ndi achinyamata Loweruka masana kukambirana.

Mu 2023 Malenga Mulendema anaonetsa dziko lonse pa Netflix, kudzera mu Supa Team 4, atsikana anayi a mu Lusaka wa m'tsogolo akupulumutsa mzinda wawo. Ana athu anadziona okha m'nkhani yodabwitsa. Pakati pa achinyamata a kwaya ku Chawama ndi ku George alipo olemba nkhani zawo kumapeto kwa makope a sukulu, m'Chinyanja chawo chomwe amalankhula. Abusa, atsogoleri a achinyamata, ndani mwa inu adzawapemphe makopewo kuti awerenge?