KUONA MASO A NKHONO N'KUDEKHA

Ophunzira a m'makoleji, makamaka amene akonzekera nchito ya uphunzitsi ndi ya zojambula monga a pa Evelyn Hone College mu Lusaka, amapita kukaceza ku nyumba zosungiramo zinthu zakale, zimene ambiri amazicha miziyamu. Makolo ena akamva za ulendo wotere amayesa kuti ana angopita kukaona tauni. Koma nkhaniyi ikhudza kwambiri anthu a kumidzi, cifukwa zambiri zimene ophunzirawo amakaona zinapangidwa ndi manja a makolo a m'midzi momwemo.

Dziko la Zambia lili ndi nyumba zingapo zotere. Yakale koposa ndi ya ku Livingstone, imene inayamba mu 1934. Ya Moto Moto ku Mbala inakula kucokera pa zinthu zimene wansembe Jean-Jacques Corbeil anasonkhanitsa pakati pa Abemba. Ya mu Lusaka inatsegulidwa mu 1996, ndipo m'cipinda ca pansi muli zojambula ndi zosema za amisiri a masiku ano, pamene pamwamba pali zinthu za makolo ndi za mbiri ya dziko.

Nchito yoyamba ya wophunzira ndiyo kuyang'ana asanayambe kumasulira. Ayenera kudzifunsa kuti: Kodi cinthuci cioneka bwanji? Cinapangidwa ndi ciani? Nanga anali kucigwiritsa nchito yotani? Pafupi ndi miziyamu ya mu Lusaka, pa mseu wa Independence Avenue, paimirira cifanizo ca Ufulu cimene cinaikidwa mu 1974, dziko litakwanitsa zaka 10 za kudzilamulira. Wothamanga angonena kuti waona mwamuna wamphamvu. Wodekha aona manja okwezedwa m'mwamba ndi unyolo woduka. Akakumbukira kuti ulamuliro wa atsamunda unatha pa 24 October 1964, tanthauzo la unyolowo liwonekera lokha. Maso ayamba, nzeru za mbiri zitsatira.

Bvuto lalikulu libwera pamene wophunzira afika pa cigoba ca Nyau cotsekeredwa m'galasi. Iye angathe kulemba mtundu wace, makwinya, mano, nthenga ndi mtengo umene anasemera. Koma m'galasimo mulibe ng'oma, mulibe nyimbo za amai, mulibe fumbi la pabwalo. Munthu wa ku Katete kapena ku Chadiza adziwa kuti nkhope yakuda yamakwinya ya Cadzunda iimira mkulu wolemekezeka, kuti Simoni wofiira afanizira mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi kuti Kasiyamaliro, wolukidwa ndi makoko a cimanga m'maonekedwe a nyama ya m'thengo, ndi wa mwambo wa maliro. Cirombo ciri conse ciri ndi mabvinidwe ace, nyimbo yace ndi mwambo umene ciphunzitsa. Kapepala ka pa galasi sikangathe kunyamula zonsezi. Ndiponso ambiri amene anasonkhanitsa zinthu m'nthawi ya atsamunda sanalembe maina a amisiri amene anazipanga.

Pamenepa wophunzira angalakwe m'njira ziwiri. Angayese cigobaco cinthu cokometsera m'nyumba cabe, kapena angacinyoze kuti ndi ca ufiti, monga anacitira amishoni ena akale amene analimbana ndi Nyau. Kulakwa kotere sikuthera m'miziyamu ai. Ambiri a ophunzirawa mawa adzakhala aphunzitsi a ana a m'midzi. Mphunzitsi amene anyoza mwambo wa kumene atumidwa amalekanitsa sukulu ndi mudzi, ndipo mwana amatsala pakati, osadziwa woti amumvere.

Maiko ena anazindikira kale kulemera kwa mwambowu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu wa Acewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique ndi cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi, pamodzi ndi Makishi a ku Cigawo ca Kumpoto ca Kumadzulo. Wophunzira wofuna kumvetsa zimene anaona m'galasi ayenera kupita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, kumene mafumu a maiko atatuwa amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi m'mwezi wa August. Kumeneko adzaona gule ali moyo. Ayeneranso kubvomereza kuti pali za kudambwe zimene sauzidwa munthu wosalowa, ndipo kulemekeza malire amenewa ndi gawo la maphunziro ace.

Cigawo ca Kum'mawa ciri ndi zojambula zina zimene sizingatengedwe kupita ku Lusaka. Pa matanthwe a Thandwe pafupi ndi Chipata, a Kalemba ku Chadiza ndi a Makwe ku Katete pali zojambula za anthu akale. Akatswiri amati zojambula zofiira za m'dera lino ndizo zakale koposa, za Akafula, ndipo zoyera ndi za alimi amene anadza pambuyo, zogwirizana ndi Nyau ndi cinamwali. Zofanana nazo ziri ku Chongoni m'boma la Dedza ku Malawi, malo amene UNESCO inawalemba pa m'ndandanda wace mu 2006. Munthu akalemba dzina lace ndi makala pa thanthwe lotere, kapena akasonkha moto pansi pace, afafaniza cimene palibe angacibwezere. Lamulo la 1989, limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission, liletsa kuononga malo otere ndi kuturutsa zinthu zakale m'dziko popanda cilolezo.

Motero nchito iri mbali ziwiri. Makoleji asalekere ulendo pa khomo la miziyamu, koma atume ophunzira kwa akulu a m'midzi kukafunsa mwaulemu. Mafumu ndi akulu nawo ayankhe zimene mwambo ulola, ateteze matanthwe, ndipo asagulitse zinthu za makolo kwa amalonda oyendayenda cifukwa ca ndalama zocepa. Miziyamu isunga cigoba, koma tanthauzo lace lisungidwa kumudzi. Wophunzira amene ayang'ana osafunsa akumbukire kuti safunsa anadya phula.