Mabuku a zinsinsi za m'banja atikoka cifukwa ninji?

Amene mumadutsa pa matebulo a mabuku akale m'misewu ya Kitwe ndi Ndola, kapena amene muli ndi ana owerenga pa foni, mwaona mtundu wina wa nkhani umene wakondedwa kwambiri. Ndi nkhani za mwamuna ndi mkazi ogona cipinda cimodzi, koma wina akubisira mnzake cinthu coopsa. Makolo ena atifunsa ife makatekisti ngati n'koyenera kuti anyamata ndi atsikana okonzekera cikwati aziwerenga zotere. Ife titi awerenge, koma poyamba tifunse cimene cikuwakoka.

Titenge mabuku awiri ochuka. Mu 2012 mai wa ku America, Gillian Flynn, anatulutsa buku lochedwa Gone Girl. Mkazi asowa pa tsiku lokumbukira zaka 5 za cikwati cake, ndipo aliyense aloza cala mwamuna. Tikafika pakati tipeza kuti mwamunayo analidi ndi cibwenzi camseri, koma mkaziyo anadzisowetsa yekha, atalemba buku la zocitika za tsiku ndi tsiku lodzaza mabodza kuti mwamuna amangidwe. Mu 2015 Paula Hawkins, amene anabadwira pafupi pompa ku Harare, anatulutsa The Girl on the Train. Mmenemo mkazi womwa mowa asirira banja lina limene aliona pa windo la sitima, osadziwa zimene zili mkati mwa nyumbayo. Pomaliza adzazindikira kuti mwamuna wake wakale anali kumunamiza za zimene iye anacita ataledzera, mpaka analeka kukhulupirira mutu wake womwe.

Mphamvu ya mabuku amenewa ili apa. Mbava timaitsekera citseko, galu wolusa timamumanga. Nanga munthu amene ali ndi kiyi ya nyumba, amene tidya naye nsima mbale imodzi, tingamutsekere kuti? Ndiponso olembawa amusandutsa nkhoswe wowerenga. Amva mbali ya mwamuna nagwedeza mutu, amva mbali ya mkazi nagwedezanso mutu, kenaka azindikira kuti onse awiri abisa kanthu. Amene munaweruzapo mlandu wa banja pansi pa mtengo wa mango mudziwa kuti tulo sitibwera mpaka coonadi cituluke.

Ena adzati izi n'za azungu. Iai. Ellen Banda-Aaku, mwana wa dziko lino, anapata mphoto ya Penguin mu 2010 ndi buku lake Patchwork, nkhani ya mtsikana wa mu Lusaka wobadwa kwa mkazi wa kumbali wa munthu wolemera. Ndipo sewero la Mpali, la mlimi wa mitala Nguzu, litayamba pa Zambezi Magic mu 2018, ngakhale osawerenga mabuku anali kuthamangira ku TV. Njala yake ndi imodzimodzi.

Kuno ku migodi nkhanizi sitizimvera kutali. Mu Gone Girl mavuto akula pamene mwamuna ndi mkazi onse acotsedwa nchito. Ifenso tinaona zimene zinacitika m'nyumba zambiri migodi ya ZCCM itagulitsidwa, nchito imene inatha mu 2000. Alipo abambo amene sanauze akazi awo kuti analandira zingati. Ena anakongola kaloba mwakacetecete, ena anagulitsa nyumba mai ali kumunda. Masiku ano cinsinsi casamukira mu foni: nambala yobisika, mauthenga ofufuta, ndalama za cimanga zolowa mu foni popanda mnzako kudziwa matumba amene anagulitsidwa.

Ndipo tsamba lomaliza la nkhani zathu liwerengedwa pa nyumba ya maliro. Ndi pamene pafika mai wacilendo ndi ana awiri ofanana ndi malemu mphuno ndi makutu. Lamulo la 1989 la cuma ca munthu womwalira wosalemba wilo lipatsa mkazi kapena mwamuna wotsala magawo 20 pa 100, ana 50, makolo 20, ndi ena odalira malemu 10. Lamuloli silisankha mwana wa m'cikwati ndi wa kunja, ndipo licita bwino, pakuti mwana alibe mlandu. Koma taganizirani mai wamasiye amene amva zonsezi tsiku limodzi ndi imfa. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma apa ovumbwa ndi amene atsala.

Tsono tiyang'ane mwambo wathu. Alangizi ndi ankhoswe aphunzitsa kuti za m'nyumba saulula. Malangizowa ndi abwino akatanthauza kuti awiriwo asunge pamodzi ulemu wa nyumba yawo pamaso pa anthu a kunja. Koma cinsinsi cimene awiri asunga pamodzi cisiyana kutali ndi cinsinsi cimene mmodzi abisira mnzake. Coyamba ndi mpanda wa nyumba, caciwiri ndi ciswe m'phaso. Taphatikiza ziwirizi, ndiye cifukwa cake cikwati capatsidwa dzina lacipongwe la shipikisha club, ngati kuti nchito ya mkazi ndi kupirira cabe osafunsa. Acinyamata athu athamangira mabukuwa cifukwa anena poyera zimene ife akulu tinong'ona.

Sitikuti mabukuwa ndi oyera. Muli mau otukwana, ciwerewere ndi kuphana, ndipo si a ana a sukulu ya pulaimale. Wowerenga wopanda nzeru angayambe kukayikira mnzake wosalakwa, kusecha foni usiku, ndi kuganiza kuti cikwati ciliconse ndi msampha. Kumeneko ndi kuwerenga kolakwika. Kuwerenga koyenera tikuona m'Buku Laciwiri la Samuele. Mfumu Davide anatenga mkazi wa Uriya, nayesa kubisa mimba, ndipo Uriya ananyamula yekha kalata ya imfa yake osadziwa. Mneneri Natani anafika ndi nthano ya munthu wolemera wolanda kankhosa ka mmphawi. Davide anapsa mtima ndi munthu wa m'nthanoyo, kufikira atauzidwa kuti munthuyo ndi iye mwini. Nkhani yabwino igwira nchito yotere. Funso lake ndi lakuti, kodi ine ndabisa ciani?

Mpingo sutenga nkhaniyi mopepuka. Zilengezo za cikwati ziwerengedwa m'chalichi kuti wodziwa copinga alankhule nthawi ikalipo. Ndipo lamulo 1098 m'malamulo a Mpingo a 1983 liphunzitsa kuti ngati munthu ananyengedwa dala kuti avomere cikwati, pa cinthu cacikulu ca mnzake cimene cingasokoneze moyo wa banja, cikwatico sicinamangike.

Tsono abale ndi alongo, tipempha zinthu zapafupi. Okonzekera cikwati apite pamodzi kukapimitsa magazi, ndipo auzane za ana amene alipo kale ndi nkhongole zimene ali nazo. Ali m'banja adziwitsane za malipiro, za matumba a cimanga, za cilimba, ndi kumene kuli mapepala a puloti ndi munda. Abambo, lembani wilo mukali ndi mphamvu, ndipo ngati kuli mwana kwina, nenani ndi pakamwa panu, ankhoswe alipo. Amene amenyedwa kapena kuopsezedwa asauzidwe kuti ndi cinsinsi ca m'nyumba. Lamulo la 2011 loletsa nkhanza limuteteza, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit.

M'miphakati yathu, amene anawerenga mabukuwa afotokozere anzawo nkhani yake, tikambirane. Ndi copepuka kuyamba ndi banja la m'buku, kenaka n'kufika pa lathu.